Mphwanga, usamuchotse mnyamata wa ku Colorado uja

Mphwanga, uthenga wako ndaumva ndikutuluka ku ntchito. Ndili m'galimoto pano, ndiye ukamva phokoso usadabwe. Choyamba, mnyamata wa ku Colorado uja usamuchotse pa timu yanga ya fantasy baseball, mpikisano wa pa intaneti uja wosankha osewera enieni a baseball. Password ndinakupatsa kuti uzindisinthira osewera ndikakhala ya usiku, osati undigulitsire anthu, wamva?

Wati pa mindandanda ya osewera, webusaiti ya Yahoo yamuika pamwamba, ya ESPN pansi, ndiye wina akunama. Palibe akunama. Manambala amenewa ndi kulosera chabe, ndipo aliyense ali ndi kalosedwe kake. Ukalowa pa FanGraphs, webusaiti ya manambala a baseball, upeza njira zolosera monga Steamer, ZiPS, ATC, THE BAT, zonse zikukamba za munthu mmodzi koma mosiyana. Ilipo ina yakale yotchedwa Marcel, ya Tom Tango, imene anaipatsa dzina la pusi dala, kutanthauza kuti ngakhale pusi angathe kuwerengera. Imangotenga zaka 3 zapitazi, chaka chatha n'kuchipatsa mphamvu 5, chinacho 4, chakumbuyo kwambiri 3, kenako n'kumukokera munthuyo pakati pa anzake, n'kuonanso msinkhu wake. Basi. ZiPS imafufuza osewera akale ofanana naye, n'kuona mmene anathera. ATC yokha ndi yochenjera, imangosakaniza za anzake.

Koma chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi funso loti munthuyo asewera magemu angati. Sizoni ya kuno ndi magemu 162, osati 38 ngati Premier League yako ija. Taona Aaron Judge, womenya wa timu ya New York Yankees. Mu 2022 anamenya ma home run 62, kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda kuja. Mu 2023 anagunda mpanda ku Los Angeles akuthamangira mpira, chala chakuphazi n'kuvulala, anathera pa 37. Mu 2024, 58. Munthu yemweyo! Ndiye wolosera wina amati adzavulalanso, wina amati ayi, manambala n'kusiyana pomwepo, chikhalirecho za luso lake onse akugwirizana.

Wa ku Colorado uja nkhani yake ndi bwalo. Bwalo la timu yake, Coors Field, lili ku Denver, mamita pafupifupi 1,600 m'mwamba, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka kutali. Ena amamuonjezera kwambiri chifukwa cha zimenezo, ena pang'ono. Sabata ino akusewera kwawo, n'chifukwa chake ndikuti msiye.

Kenako pali malamulo a ligi, apa m'pamene wasokonekera iweyo. Mu FPL, fantasy ya Premier League ija, aliyense amawerengeredwa mofanana, eti? Kuno ayi. Ligi yathu ya ku ntchito ili pa Yahoo, ndipo timapikisana pa zinthu 5 za omenya ndi 5 za oponya. Kuba ma base, kuthamangira pa base yotsatira mpira usanamenyedwe, ndi chimodzi mwa zimenezo, ndiye munthu wothamanga kwa ife ndi golide. Mndandanda wa ESPN umene waonawo ndi wa mapointi, kumene womenya akachita strikeout, kutuluka chifukwa chophonya mpira, amamuchotsera pointi. Munthu woti amaphonyaphonya kumeneko amagwa, pamene kwa ife sizimupweteka kwambiri. Ngakhale Shohei Ohtani, amene amamenya komanso kuponya, pa Yahoo alipo awiri, womenya payekha, woponya payekha, pamene pa ESPN ndi mmodzi. Nanga mitengo yake ingafanane bwanji?

Uzionanso deti. Mndandanda wina unalembedwa mu Malichi sizoni isanayambe, wina ndi wa magemu otsala okha, wina ukungowerenga zimene munthu wachita masabata awiri apitawa. Womalizawu ndi umene unandipusitsa chaka chatha, ndinataya munthu wabwinobwino, mnzanga wa ku ntchito n'kumutola, mpaka lero amandiseka pa lanchi.

Ndiye ukamatsegula, yamba wayang'ana ngati munthu wavulala kapena samuyambitsa, zimenezo sintha osandifunsa. Zochotseratu munthu, nditumizire kaye uthenga. Magemu ambiri amayamba 7 koloko madzulo kuno, kwanuko ndi 1 koloko usiku, ndiye uzikonza usanagone. Ya bandulo ndikutumizira Lachisanu. Uwauze amayi ndiwaimbira Lamlungu akachoka ku tchalitchi.