Oda imodzi, bokosi limodzi: kusanja ma rule a order routing pa Shopify

Moni nonse, mwaswera bwanji? Lero nkhani yake ndi ya inu amene mumagulitsa pa intaneti koma katundu wanu sali malo amodzi, mwina shopu ina ili ku Johannesburg, ina ku Durban, ka warehouse ku Cape Town. Pali kabowo kena kamene kamadontha ndalama mwakachetechete ndipo zimandiwawa kuona anthu akukhetsa thukuta kenako phindu lonse likupita kwa a courier.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wina wa ku Pretoria waoda ketulo, makapu ndi ayironi, oda imodzi, walipira kamodzi. Ku Johannesburg ketulo ilipo makapu alipo koma ayironi inatha dzana, pomwe ku Durban zonse zitatu zili pa shelefu. System ya Shopify, pulogalamu yoyendetsera shopu ya pa intaneti, ikamangoyang'ana kufupika basi iwona kuti Pretoria ndi pakhomo pa Joburg, mwina makilomita 60, ndiye itenga ziwiri kumeneko ayironi ichokere ku Durban. Apo ndiye kuti mabokosi awiri, tepi kawiri, anthu awiri kulongedza, courier kumulipira kawiri, ndipo mayi aja atsegula bokosi loyamba ayironi mulibe, basi ayamba kale kulemba pa WhatsApp kuti mwawabera pomwe linalo likadali mu msewu wa N3 kuchokera ku Durban.

Tiyeni pa sikirini ya Shopify yanu. Lowani mu Settings, dinani Shipping and delivery, mutsike mpaka mupeze Order routing, pamene system imasankhira malo amene oda ichokere. Apa pali ma rule ondondozana, ndipo chimene ndikufuna mugwire lero ndi ichi: system imawerenga kuyambira pamwamba kutsika. Rule ya pamwamba ndiye mfumu, za m'munsizo zimangoweruza pamene malo awiri afanana mphamvu.

Rule imene tikuifuna pamwamba ndi Minimize split fulfillments, tanthauzo lake ndi loti sakasaka malo amene angatumize oda yonse, ndipo ngati palibe, igawe mapasulo ochepa mmene ingathere. Imakonda kukhala ili pamwamba kale koma onetsetsani ndi maso anu, chifukwa mwina wina mu ofesi anaikokera pansi poganiza kuti akufulumizitsa zinthu. Pansi pake Stay within the destination market, iyi ndi ya amene muli ndi stock m'maiko angapo, kuti oda ya mu South Africa isachokere kunja nkukakodwa ku kasitomu. Kenako Ship from closest location. Mukasanja chonchi oda ya mayi aja ichokera ku Durban yonse, inde ndi makilomita pafupifupi 600, koma bokosi ndi limodzi, tracking number imodzi. Cape Town ikanakhalanso ndi zonse zitatu, apo ndi pamene rule ya kufupika ikanalowerera nkusankha Durban.

Palinso Use ranked locations, yoti inu mumasanja nokha kuti uyu ayambe uyu atsatire. Ndi yabwino ngati simukufuna kuti ma oda a pa intaneti azikokolola katundu wa mu shopu momwe anthu amalowa ndi mapazi, koma mukaiika pamwamba pa ya split ija mudziwe kuti mwabwezeretsa vuto lomwe lija. Amene muli pa ma system akuluakulu ganizo ndi lomweli mayina okha ndi osiyana, pa IBM Sterling mupeza zoti ship from single node, pa Dynamics 365 Commerce muyang'ane partial orders rule mu distributed order management.

Tsopano pano ndi pamene ambiri amagwa. System siiona shelefu, imaona nambala imene munalemba. Ikamati ku Durban ayironi ilipo imodzi pomwe ayironi imeneyo ndi ya pa display yothyoka chogwirira, oda ipita kumeneko, achimwene olongedza akaisaka osaipeza, mapeto ake mugawabe oda ija pamanja komanso mochedwa. Ndiye werengani stock pafupipafupi, chowonongeka chichotseni mu nambala tsiku lomwelo. Ndipo tsegulani ma oda a miyezi itatu yapitayi muone zinthu zimene anthu amakonda kugulira limodzi, ngati foni imayenda ndi chaja ndi kava, zitatuzo zizigona malo amodzi, rule siingaphatikize zinthu zimene inu munazimwaza.

Sindikuti bokosi limodzi ndi lotchipa nthawi zonse ayi. Ngati mu oda muli firiji ndi ka supuni, kukoka firiji kuchokera ku Cape Town makilomita 1,400 chifukwa cha supuni ndi kuluza, firiji ichokere pafupi supuni ibwere payokha. Katundu wolemera chonchi muziyamba mwaona mitengo ya courier wanu musanalongedze.

Mukadina Save, pangani oda yoyeserera pa website yanu ya zinthu zitatu zimene mukudziwa kuti malo amodzi okha ndi amene ali nazo zonse, muikepo adiresi ya ku Pretoria, kenako mutsegule odayo muone kuti yagwera location iti.