Makalata a Omvera: Njoka za M'mimba Si Mankhwala a Mwana

Sabata ino ndiyamba ndi kalata ya mayi a ku Area 25, chifukwa nditaiwerenga ndinakhala duu kwa kanthawi. Mwana wawo wazaka zisanu ndi chimodzi salankhula, sayang'ana munthu m'maso, ndipo chigayo chikalira amatseka makutu ndi manja onse awiri. Kuchipatala anawauza kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kalankhulidwe ndi kachezedwe ka munthu. Mlamu wawo wa ku Johannesburg wawatumizira uthenga pa WhatsApp woti kunja akuchiza vutoli pomwetsa anthu mazira a njoka za m'mimba, ndiye akufunsa ngati aleke kumupatsa mwanayo albendazole, mankhwala opha njoka za m'mimba, kuti njokazo zikhalemo.

Mayi, musaleke. Nkhaniyi ili ndi gwero lake ndithu. Akatswiri ena amaganiza kuti chitetezo cha m'thupi chimalusa chikasowa tizilombo tolimbana nato, n'chifukwa chake dokotala Joel Weinstock wa ku Iowa, ku America, anayesa mazira a Trichuris suis, njoka ya m'matumbo a nkhumba, pa odwala matenda otupitsa matumbo. Pa autism, dokotala Eric Hollander wa ku New York anayesa mazira omwewo pa akuluakulu khumi okha, osati ana, ndipo zotsatira zake sizinatsimikizire kuti mazirawo amathandiza. Komanso amenewo anali mazira oyeretsedwa mu labotale, a njoka yosakhalitsa m'thupi la munthu, pomwe zathu zino zimene mwana amatola akamayenda wopanda nsapato kuseri kwa chimbudzi zimaboola khungu la kuphazi, n'kukakakamira m'matumbo n'kumayamwa magazi mpaka zikhatho zake kuyera.

Chandikhudza kwambiri ndi mzere wotsiriza wa kalatayi, pomwe mwalemba kuti anansi amati munakhwimira mwana wanu. Mwezi uno ndalandira makalata atatu odandaula zomwezi. Abale anga, kodi mayi wogona mochedwa akutonthoza mwana tizimulipira ndi miseche ya pamjigo? Manong'onong'o amenewa ndi amene amakankhira makolo kwa aliyense wolonjeza machiritso. Mayi, pitani ku Kamuzu Central kapena ku Saint John of God mukafunse za ophunzitsa ana kulankhula ndi kudzithandiza.

Bambo a ku Kawale akufunsa ngati praziquantel wa likodzo amene ana amalandira kusukulu amayambitsa autism. Ayi, sayambitsa.

Bambo oweta nkhumba ku Chinsapo akuti anamva mphekesera zomwezi, ndipo akufuna kudziwa ngati khola lawo lasanduka mgodi. Pepani achimwene, pitirizani kugulitsa nyama, koma muzikazinga ipse bwino.