Chilonda chosapuma: zomwe makoswe akutiuza za khansa ya chikhodzodzo

[Pazenera: makoswe oyera m'kakhola ka mu labotale]

Moni nonse a ku Chikwawa, a ku Nsanje, ndi inu mukutionera kutali. Lero tikambirana za makoswe. Osati aja otithera mapira m'nkhokwe ayi, koma oyerawa, omwe akatswiri amaweta kuti aphunzirepo matenda a anthu. Funso lathu ndi ili: chilonda chikamapola timati zinthu zayenda bwino, nanga zimatheka bwanji kuti kupola komweko kutsegulire njira khansa?

[Pazenera: chojambula cha chikhodzodzo]

M'kati mwa chikhodzodzo muli kachikopa kopyapyala kotchinga mkodzo kuti usalowerere m'thupi. Maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga kachikopako, ndi aulesi zedi: amatha miyezi yambiri osagawikana. Koma pakangochitika bala, amadzuka onse n'kuyamba kuchulukana usana ndi usiku mpaka dzenje litatsekeka.

Tsono selo lisanagawikane limayamba lakopera DNA yake yonse, malangizo omwe amayendetsa selolo, ngati mwana wa sukulu amene akukopera notsi za mnzake. Akakopera kamodzi modekha, zolakwika zimachepa. Akamakopera mothamanga tsiku lililonse, kuchokera mu kope lomwe lanyowa kale ndi mvula, cholakwika chimalowa n'kukhazikika, ndipo aliyense wokopera kwa iye amachitenga.

Mankhwala ena ndiwo amanyowetsa kopelo. M'chaka cha 1895 dokotala wina wa ku Frankfurt, Ludwig Rehn, anaona kuti ogwira ntchito m'fakitale ya utoto akudwala khansa ya chikhodzodzo. Patapita zaka, akatswiri anapeza mankhwala monga BBN ndi FANFT: khoswe akamamwa kapena kudya amenewa, impso zimawasefera mu mkodzo, mkodzo n'kukhala m'chikhodzodzo maola angapo ukuwononga DNA ya maselo aja.

[Pazenera: kachitsulo kozizira kakukhudza chikhodzodzo]

Apa ndiye pali nkhani. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Samuel Cohen ndi anzake ku America ankatenga kachitsulo kozizira koopsa n'kukakhudzitsa pachikhodzodzo cha khoswe. Pamalopo pamabuka chilonda. Khoswe akasiyidwa choncho, chilonda chimapola pa masabata ochepa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ena atavulazidwa ankapatsidwa saccharin, kotsekemera kaja kolowa m'malo mwa shuga, wochuluka mpaka magawo 5 pa 100 alionse a chakudya chawo, kwa zaka pafupifupi ziwiri. Mwa amenewa munatuluka zotupa, pomwe saccharin sawononga DNA n'komwe. Chimene ankachita n'kusalola maselo kuti apume.

Ku Japan anayesa njira ina. Anasakaniza mankhwala otchedwa uracil m'chakudya, ndipo m'chikhodzodzo cha makoswe munapangika timiyala. Timiyalato tinkakhula kachikopa kaja tsiku ndi tsiku, kachikopa n'kukhuthala, n'kumera tinthu ngati njerewere. Akasiya msanga kuwapatsa uracil, timiyala tinkatha, chikhodzodzo n'kubwerera mwakale. Akapitiriza nthawi yaitali, khansa inkabwera. Kwa ine phunziro lalikulu lili pamenepa: chilonda chimodzi si vuto, vuto ndi chokhula chimene sichikuchoka.

Koma musathamangire kutaya zotsekemera zanu. Zinadzadziwika kuti mkodzo wa khoswe uli ndi mapuloteni ndi mchere wina wambiri, ndipo saccharin wochuluka choncho amapangitsa timibulu tokanda chikhodzodzo. Mkodzo wa munthu suchita zimenezi, ndipo m'chaka cha 2000 boma la America linachotsa saccharin pa mndandanda wa zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa. Khoswe si munthu. Komabe ife kuno tili ndi chokhula chathuchathu.

[Pazenera: ana akusambira, asodzi m'bwato ku Elephant Marsh]

Likodzo. Kachilombo kake, komwe Theodor Bilharz anakapeza ku Cairo mu 1851, kamachokera mu nkhono za m'madzi odekha: m'madambo, m'ngalande za mthirira, m'maiwe otsala madzi akasefukira. Kamaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kuwedza, n'kukakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kwa zaka. Kachilombo kakakazi kamaikira mazira tsiku lililonse, ndipo dzira lililonse lili ndi kaminga kumapeto. Ena amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake kadontho komaliza kamakhala kofiira. Ena amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, thupi n'kumalimbana nawo: chilonda, kupola, chilonda china, kupolanso, kuyambira mwana ali Sitandade 2 mpaka atakula. Kuwonjezera apo, mabakiteriya omwe amakonda chikhodzodzo chovulala amatha kupanga mu mkodzo mankhwala a m'gulu la nitrosamine, gulu lomwelo la BBN. Ndiye kuti zonse ziwiri zomwe akatswiri ankachita dala pa makoswe, kuwononga DNA ndi kukhula chikhodzodzo kosalekeza, zakumana mwa munthu mmodzi. Akakhala wosuta fodya, mankhwala a mu utsi nawonso amathera mu mkodzo momwemo.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1994. Sikuti aliyense wodwala likodzo adzadwala khansa, ambiri sadwala. Koma mawu aja akuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, ine ndimakana. Mwanayo ali ndi chilonda.

Mankhwala alipo, praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu pa ndodo. Mwana adye kaye asanamwe, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire. Amapha tizilombo tomwe tili m'thupi, koma sateteza kuti musatengenso, ndiye asodzi ndi alimi a mpunga amafunika kumwa mobwereza. Ndipo inu bambo, inu mayi, ngati mwamwa mankhwalawa koma magazi akutulukabe, kapena pokodza pakutuluka tizidutswa toyera, musangogulanso mapiritsi. Pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukapemphe kuti akuunikeni chikhodzodzo.