Bwana akuti tikachonge "ayi" pa Funso 5

Moni nonse abale anga. Chaka ndi 2024, kuno ku Worcester, ku Massachusetts m'dziko la America, kwayamba kuzizira, ndipo ndikujambula mawuwa ndili m'galimoto kunja kwa nyumba, chifukwa ndikapanda kuitulutsa nkhaniyi lero sindigona.

Madzulo ano tisanatsegule lesitilanti, bwana anatisonkhanitsa tonse, ife a kukhitchini ndi operekera zakudya. Anatulutsa katoni ya malaya olembedwa zokana Funso 5, funso la papepala lovotera lokhudza malipiro a operekera zakudya, n'kunena kuti aliyense avale, ndipo pa 5 Novembala tikachonge "ayi". Ine ndinawapinda bwinobwino n'kuwasiya patebulo. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso. Tsiku lija ndinakweza dzanja ku Faneuil Hall ku Boston kulumbira unzika, bwanayu kunalibe. Lero andigwire dzanja povota?

Inu a kumudzi mukungomva za Harris ndi Trump, koma pepala lathu la ku Massachusetts lili ndi mafunso asanu, ndipo anthu ndi amene timapanga lamulolo. Kabuku kofiira kaja boma limatumiza, ambiri mumakaponya m'bini limodzi ndi mapepala a malonda. Ine ndakawerenga kawiri. Operekera zakudya amalipidwa $6.75 pa ola, zotsalazo ndi matipu, ndalama zothokozera zimene makasitomala amasiya, pomwe malipiro otsikitsitsa a ena tonse ndi $15. Funso 5 likufuna kukweza ndalamayo pang'onopang'ono mpaka ifike $15 mu 2029, ndipo ikafika, bwana adzaloledwa kugawa matipu kwa tonse, ngakhale ife otsuka mapoto.

Chondipweteka n'chakuti lamulo la panopa limanena kale kuti matipu akachepa, bwana awonjezere kuti munthu afike pa $15. Mu Januwale, chipale chitatseka misewu, makasitomala osabwera, mtsikana wina wa ku Brazil analira kuseri kwa firiji atawona cheke chake. Anawonjezeredwa kanthu? Ngakhale senti. Lero bwana yemweyo akuti akuteteza antchito ake.

Koma tinene chilungamo. Pali mayi wina waperekera zakudya zaka zambiri, amandisungira khofi m'mawa uliwonse. Anandikokera pambali n'kunena kuti, achimwene, ine Lachisanu usiku ndimapeza zoposa $15 kutali, lamuloli likadutsa mitengo ikwera, anthu asiya kupereka matipu, ndiye zotsalazo ndigawanenso ndi inu? Mantha awo ndi enieni, lendi yawo imachokera m'matipu amenewo. Ndipo ine ndi amene ndingapindule, n'chifukwa chake ndadzifunsa sabata yonse ngati ndikutsata chilungamo kapena thumba langa.

Zandikumbutsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ndinali mwana ku Ntcheu, amayi anadzuka kusanache, anamanga chitenje n'kupita kukaima pamzere. Nyali kapena tambala wakuda. Panalibe nkhope ya munthu papepala, linali funso basi, ngati lino. Akuluakulu a chipani anali atayenda m'midzi kuuza anthu chochita, koma amayi sanauze munthu zomwe anasankha, ngakhale abambo. Ndawasowa amayi lero, mwina n'chifukwa chake mawu akunjenjemera.

Tsono inu a green card, okhala kuno mwachilolezo koma simunakhale nzika, mundimvere bwino. Musayerekeze kulembetsa kapena kuvota, ngakhale wina pamsika akupatseni fomu akumwetulira. Chimenecho ndi mlandu, chingakubwezeni kumudzi ndi chikwama chimodzi, zaka zonse munavutikira zija n'kupita m'madzi. Dikirani nthawi yanu. Ndipo inu amene munalumbira kale, lekani kufunsa m'magulupu a WhatsApp kuti tichonge pati. Werengani nokha, muwone kuti "inde" akusintha chiyani, "ayi" akusiya chiyani, ndiponso ndani akulipira zotsatsa zimene zikukusokosani pa TV.

Funso 3, loti madalaivala a Uber ndi Lyft aloledwe kupanga bungwe lawo, ndi "inde", abale athu ambiri amadyera pa chiwongolero. Funso 4 la bowa wozunguza bongo, "ayi". Pa Funso 5 ndichonga "inde", chifukwa cha mtsikana uja wa kuseri kwa firiji. Mawa ndikawauza mayi aja pamaso, asadzamve kwa ena. Loweruka ndikavoteratu, kenako ndilowe shifiti ya masana.