Zinyalala zambiri timachita kugula

Zikomo amfumu, a komiti ya chitukuko, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ndiyambe ndi funso. Mwapita kumsika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu, mwagula tomato, anyezi, usipa ndi kamafuta. Pakhomo mumafika ndi majumbo angati? Tomato jumbo yake, usipa yake, anyezi yake, kenako ina yaikulu yonyamulira zonsezo, yomwenso mwalipira. Nsima isanapse, onsewo ali kudzala. Ndiye kuti zinyalala zambiri zimene zaunjikana kuseri kwa nyumba zathu tinachita kugula ndi ndalama zathu zomwe.

Majumbo opyapyala aja boma linawaletsa mu 2015, onse amene kuchindikala kwake sikufika mamaikuloni 60. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, nkhani n'kumazengereza, mpaka mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chikhalebe. Komabe ife ogula tikamawatambasulira manja, ogulitsa sangaleke. Jumbo siola ayi. Mphepo ikaiulutsa imakathera m'ngalande, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, imagwa mpaka Epulo osapumira. Ngalande ikatsekeka madzi amalowa m'nyumba, afunseni a ku Chibavi ndi ku Salisbury Line. Zimene khonsolo yatola zimapita kumalo otayirako zinyalala ku Msilo, koma galimoto singafike khomo lililonse, makamaka misewu ikaterera.

Nanga titani? Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu pamutu. Basiketi, thumba lansalu, ngakhale chitenje chomanga mfundo chimanyamula katundu bwinobwino. Pokagula mafuta oyeza tengani botolo lanu. Pokagula tchipisi kapena nyama tengani kakontena kachivindikiro, wogulitsa sangakukanizeni.

Ndikuona amayi apo mukung'ung'udza. Mukunena zoona, wogula wokumani ndi mafuta a m'kapepala sachitira kufuna, ndalama yake imabwera patsikupatsiku. Sindinabwere kudzakunyozani. Koma muwerengetsere bwino: mafuta ogula pang'onopang'ono mwezi wathunthu amadya ndalama zambiri kuposa chigubu, n'kukusiyiraninso mulu wa timapepala. Muli ndi banki m'khonde. Anthu anayi kapena asanu sonkhani, gulani chigubu cha malita 5, thumba la mpunga wa Kilombero, sopo wamtanda, mugawane aliyense m'chiwiya chake. Izi ndi za zinthu zosaola. Tomato wa ku Jenda akatchipa musatengeke n'kugula beseni lonse pamene pakhomo mulipo atatu, theka lidzaolera pathandala. Masamba akachuluka dzuwa la Seputembala ndi Okutobala, futsani. Mkute musataye, ana adye m'mawa mutautenthetsa bwino.

Tsopano zimene zalowa kale m'nyumba. Botolo la chiponde mukalitsuka n'kuliumitsa limasunga mchere, shuga, ngakhale mbewu ya nyemba osafumbwa msanga. Chiguduli chong'ambika musachiotche. Chiboolani pansi ndi m'mbali, thirani dothi losakaniza ndi manyowa, dzalanimo mpiru kapena anyezi. Alendi amene mulibe dimba, ziguduli zitatu pakhonde zikudyetsani ndiwo, ndipo posamuka mungonyamula. Malaya a pakaunjika akatha ndi chikolopa, koma asanafike pamenepo telala ayambe wawaona.

Apa mumvetsetse, chifukwa kusunga kwina n'koika moyo pachiswe. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo musaikemo thobwa, madzi kapena mkaka, ngakhale mutatsuka ndi sopo. Zitini ndi matayala zosiyidwa chagada zimasunga madzi, udzudzu n'kuswana pakhomo panu pomwe; zivundikireni kapena zibooleni. Ndipo chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo, abale anga, chitheretu. Utsi wakuda uja amaupuma ndi mwana ali kumsana. N'chimodzimodzi kuvundikira mbatata kapena chinangwa ndi pulasitiki chili pamoto.

Chimene chimanunkhitsa dzala ndi kusakaniza. Makoko a nthochi, a mbatatesi, zotsalira za masamba, zitosi za nkhuku ndi phulusa, zimenezo si zinyalala, ndi manyowa. Kumbani kadzenje kena pambali. Zonyowa pansi, masamba ouma kapena udzu pamwamba, kadothi pang'ono, muzitembenuza pakapita masabata angapo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza dothi lakuda lofewa, nyengo yozizira ya Juni imachedwerapo pang'ono. Ndi mtengo wa feteleza masiku ano, ine zimandiwawa kuona makoko akutayidwa mumsewu. Mabatire, magalasi osweka ndi mapampasi asalowe m'dzenje limeneli, ziikeni pazokha ana asazifikire.

Loweruka likubwerali tikumane pompano, aliyense abwere ndi chiguduli chimodzi ndi khasu, tidzapangire limodzi dimba la m'thumba. Amfumu alola kuti dzenje lachitsanzo tikumbe kuseri kwa holo ino. Bambo a chipewa apo mwakweza dzanja kalekale, funsani.