Kodi adzuka? Zimene adokotala amaona pa munthu wovulala ubongo

[Wolankhula ali m'mbali mwa msewu ku Ulongwe, njinga zamoto zikudutsa]

Muli bwanji abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Moatize ndi kulikonse kumene mukuonera. Mnyamata wagwa pa mota alibe kapasete, mutu wamenya pa tara. Amuthamangitsira ku chipatala chachikulu cha ku Tete, ndipo pano ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, akupumira makina. Mayi ake afunsa kuti, "Adokotala, ndiuzeni zoona, mwana wangayu adzuka?" Adokotala ayankha kuti, "Mayi, tidikire kaye." Ambirife timaganiza kuti akutibisira. Tiyeni tione zimene iwo amakhala akuona.

[Pa sikirini: 3 mpaka 15]

Mu 1974, madokotala awiri a ku Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza muyeso umene ukugwirabe ntchito padziko lonse, wotchedwa Glasgow Coma Scale. Anamwino amaitana wodwala dzina lake kuti aone ngati atsegule maso. Amamufunsa kuti ali kuti, n'kumvetsera ngati akuyankha zomveka kapena akungobuula. Kenako amamuuza kuti awafinye dzanja. Akapanda kutero, amamukanikiza chikhadabo ndi cholembera kuti aone ngati athawitse mkono. Chilichonse amachipatsa nambala, n'kuziphatikiza: maso amafika pa 4, mawu pa 5, kusuntha thupi pa 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wotsikitsitsa 3. Kuyambira 8 kutsika m'munsi, ndiye kuti wavulala kwambiri.

Mudzaonanso akumuunika m'maso ndi katochi. Kamwana ka diso kamayenera kuchepa kakaona kuwala. Kakangokhala kotambasuka osasuntha, nthawi zambiri ndiye kuti magazi kapena kutupa zikupanikiza ubongo, pakuti chigaza sichifutukuka. Amaonanso msinkhu, chifukwa agogo sachira ngati mnyamata, komanso chithunzi cha m'kati mwa mutu, chija amati TAC.

Mu 2008 ofufuza anatulutsa njira ziwiri zowerengetsera zonsezi, CRASH ndi IMPACT. CRASH inachokera pa odwala opitirira 10,000, ambiri mwa iwo a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Adokotala akalowetsa zaka, nambala ija ndi mmene maso alili, imawauza mpata woti munthu amwalire kapena akhale wolumala kwambiri pakatha miyezi 6.

Apa mvetsetsani bwino, abale. Masamu amenewa amanena kuti pa anthu 100 ovulala chonchi, angati amachira. Sanena kuti mwana wanuyo ali mbali iti. Ndipo masiku oyamba amanyenga. Wodwala wa pa makina amapatsidwa mankhwala omugonetsa dala kuti ubongo upume, ndiye kusayankha kwake mwina ndi mankhwalawo. Ngati anali atamwa kachasu, nambala yoyamba ija imatsika kuposa mmene wavulalira. Ubongo nawo umapitiriza kutupa kwa masiku angapo. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kudikira maola 72, kapena kuposa apo, asananene chotsimikizika.

Kafukufuku wa ku America wotchedwa TRACK-TBI, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsata anthu ovulala kwambiri ubongo. Patatha masabata awiri, 12 okha pa 100 alionse ndiwo anali atafika potha kukhala pakhomo popanda wowayang'anira nthawi zonse. Chaka chitatha, anali opitirira theka. Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza: kumeneko kuli zipatala zophunzitsanso munthu kuyenda ndi kulankhula zimene kuno n'zosowa, ndipo ena anamwalira, ena anatsala olumala. Koma zimandipweteka ndikamva achibale akunong'onezana za maliro pa tsiku lachiwiri, munthu akadali pa mankhwala ogonetsa.

[Ambulansi ikudutsa pa mlatho wa Samora Machel]

Mbali ina ya yankho la adokotala imapangika munthu asanafike n'komwe m'chipinda chija. Zinthu ziwiri zimawonjezera kuwononga ubongo wovulala kale: kusowa mpweya ndi kutsika kwa BP chifukwa chotaya magazi. Kuchoka ku Furancungo kapena ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi ulendo wa maola. Choncho musamupinde pampando wa chapa khosi lili lendelende. Mugwireni mutu ndi khosi kuti zisagwedezeke. Akamasanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi agonere m'mbali. Musamumwetse madzi. Pamene pakutuluka magazi ambiri, panikizanipo ndi nsalu yoyera.

Chenjeraninso ndi munthu amene wakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kumati "ndili bwino, tiyeni kunyumba." Magazi akhoza kukhala akuunjikana pansi pa chigaza, ndipo pakapita maola amayamba kusanza, kuodzera, kenako osadzukanso. Ameneyo akachitidwa opaleshoni msanga nthawi zambiri amachira bwino. Pitani naye kuchipatala ngakhale akukana.

Mukafika, amene anaona ngoziyo asachoke. Auzeni adokotala nthawi imene inachitika, ngati wovulalayo analankhulapo pambuyo pake, ngati anasanza kapena kugwidwa khunyu, ngati anali atamwa mowa, ndiponso mankhwala amene amamwa masiku onse.