Bandi ya acoustic paulendo: bodza la "ingolumikizani gitala tiyambe"

Musadumphe vidiyo iyi ngati mumaimba ndi gitala ya acoustic, ija ya mimba yolira yokha popanda magetsi, chifukwa pali bodza limodzi limene likuwonongera mabandi ambiri ma show, ndipo lero tithana nalo. Moni nonse, takulandirani. Tikukamba za bandi yodziimira payokha: palibe kampani ya nyimbo kumbuyo kwanu, palibe manijala, amene akuimba ndi yemweyo akuyendetsa galimoto, ndi yemweyonso akugulitsa ma CD pakhomo show ikatha. Ndili ndi mfundo zisanu ndi imodzi. Yachitatu ndi imene yandikhazika pano, ndiye ziwiri zoyambazi tithamanga nazo.

Yoyamba, ndalama muzigwirizana musananyamuke. Malipiro amabwera m'njira zitatu. Pali guarantee, ndalama yokhazikika kaya anthu abwere kaya asabwere. Pali kugawana za pakhomo, mwachitsanzo 70 pa 100 kwa inu, 30 kwa eni malo. Ndiye pali yosakaniza: mumatenga guarantee kapena peresenti ya pakhomo, kutengera chimene chachuluka. Funso limene ambiri safunsa ndi ili: peresentiyo ikuwerengedwa asanachotse ndalama za munthu wa saundi, alonda ndi zotsatsa, kapena atachotsa kale? Peresenti yaikulu ya zotsalira ikhoza kuchepa kuposa peresenti yaing'ono ya zonse. Kumalo kumene simunaimbeko, tengani guarantee ngakhale ichepe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo zonse zilembedwe, ngakhale pa imelo: nthawi yofika, mphindi zoimba, kogona, komanso ngati eni malo amadula gawo pa zimene mwagulitsa.

Yachiwiri, njira. Tsiku losaimba limadya mafuta, chakudya ndi malo ogona koma silibweza kanthu. Yambani mwapeza ma show a Lachisanu ndi Loweruka, kenako masiku apakati mudzaze ndi malo ang'onoang'ono ndi ma show a m'nyumba za anthu, amene bandi ya acoustic imakwanamo bwino kuposa bandi ya ng'oma ndi ma amp. Muwerengenso mgwirizano, chifukwa malo ena amaletsa kuimba pafupi nawo kwa masabata angapo show yawo isanachitike kapena itachitika.

Tsopano yachitatu. Khalani bwino.

"Inu ndi a acoustic, simufunika sound check. Ingolumikizani gitala tiyambe." Sound check ndi kuyesa zida ndi masipika show isanayambe. Eni malo amanena zimenezi, okonza ma show amanena, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti oimba enieni amavomera. Ndi bodza. Bandi ya acoustic ndi yovuta kuikonzera saundi kuposa bandi yambiri ya magetsi, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Gitala ya acoustic inapangidwa kuti izinjenjemera. Thabwa lapamwambali ndi lopyapyala dala, ndipo m'mimbamu muli mpweya. Taonani apa. Ndaika gitala kutsogolo kwa monita, sipika ija imakhala pansi n'kumayang'ana woimba. Sindikukhudza zingwe. Ikani chikhatho pathabwa pamene nyimbo ikulira mu monita, mumva likunthunthumira m'manja. Kunthunthumira kumeneko pickup, kachipangizo kotola mawu m'gitalamo, ikukumva, ikukutumiza ku mikisa, makina osakanizira mawu, mikisa ikubweza ku monita, monita ikubwezanso ku thabwa. Zikazungulira choncho mumamva "huuu" uja amakula mpaka anthu kutseka makutu, imene amati feedback. Pa magitala ambiri mpweya wa m'mimbamo umalira pafupi ndi 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), thabwa lapamwamba pafupi ndi 200 Hz, ndipo feedback yotsika imakonda kuyambira pamenepo. Gitala yamagetsi ya thabwa logwirana ilibe mimba imeneyi, n'chifukwa chake imapirira phokoso lalikulu.

Mankhwala ake muwatsatire mwandondomeko. Choyamba tsekani bowo la gitala ndi chotsekera cha labala, chimene chimakwana m'thumba la malaya. Ikapitiriza, dinani batani la phase, lotembenuza mafunde a mawu, pa preamp kapena pa DI box, timabokosi timene mawu a gitala amadutsamo asanafike ku mikisa. Nthawi zambiri imaleka pomwepo, koma dziwani kuti mukasuntha sitepe imodzi kapena ziwiri ikhoza kubwereranso, ndiye muyese mutaima penipeni pamene mudzaimire. Ikakanabe, gwiritsani notch filter, kozunguliza kodula liwu limodzi lokha: isiyeni feedback iyambe pang'ono, zungulizani pang'onopang'ono mpaka izime, musiye pomwepo. Ndipo pemphani munthu wa saundi adule mawu otsika ndi high-pass filter. Chingwe chachikulu cha E chimalira pa 82 Hz, ndiye zimene zili pansi pa 80 Hz ndi kugunda kwa mapazi pa siteji basi. Ngati mu bandi muli bass, akhoza kudula mokwererapo.

Tisanapitirire, mundiuze mu ma comment: pickup yanu ndi ya batire kapena yopanda batire? Yankho lake likusintha zimene zikubwerazi.

Magitala ambiri ali ndi pickup ya mtundu wa piezo pansi pa saddle, kachidutswa kamene zingwe zimatsamirapo pathabwa. Ikakhala yopanda batire imafuna kulowa pamalo a impedance yaikulu (impedance ndi muyeso wa mmene polowerapo pakukanira magetsi), 1 megaohm kapena kuposa. Mukailowetsa molunjika pa line input ya mikisa, imene nthawi zambiri imakhala pafupi ndi 10 kilohm, mawu otsika amathawa. Gitala yabwinobwino imamveka yowonda, yolasa m'makutu, kenako anthu n'kumati gitalayo ndi yachabe. Gitala ilibe mlandu. Mukufunika DI box ya active kapena preamp yopangidwira acoustic, ndipo muziyenda ndi yanuyanu. Osadalira ya pamalopo, chifukwa ikhoza kukhala ya passive, yosagwiritsa ntchito batire kapena magetsi a ku mikisa. Ya active imafuna phantom power ya 48V kuchokera ku mikisa kapena batire, ndiye muwauze a saundi, apo ayi muima pa siteji gitala ili chete aliyense akuloza mnzake. DI box imathandizanso kuti mawu ayende mtunda wautali pa kebulo ya XLR osatola phokoso. Kebulo wamba ya gitala isapitirire mamita 6. Mukamva kung'ung'udza kwa magetsi, dinani batani la ground lift pa DI box.

Inu a pickup ya batire, mvetserani: pa magitala ambiri kebulo ikangolowa, batire la 9V layamba kudyeka, kaya mukuimba kaya ayi. Mukaisiya yolumikiza kuyambira sound check mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, batire lifera pakati pa nyimbo. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amayamba kusweka mukakwapula zingwe mwamphamvu. Ikani batire latsopano ulendo usanayambe, lina likhale m'chikwama. Ndipo musanazule kebulo, tsekani mawu ndi tuner ya pansi, chochunira chopondedwa ndi phazi chija, kuopa "phu" uja amawononga masipika.

Ndiye mawu a pakamwa. Feedback yake ndi ina, ndi "tswiii" wokwera uja. Maiki ya cardioid, monga Shure SM58, simva kumbuyo kwenikweni, ndiye monita ikhale kumbuyo kwake molunjika. Ya supercardioid, monga Beta 58A, imamvako pang'ono kumbuyo, ndipo malo ake osamva ali chakumbali, ndiye monita isunthidwe pambali pang'ono. Ndipo chonde, abale anga, lekani kufumbata mutu wa maiki! Mukatseka timabowo takumbuyo, maiki imayamba kumva mbali zonse, ndipo mwaitana feedback ndi dzanja lanu lomwe.

Vuto lina n'lakuti mu acoustic mulibe pobisala. Mu bandi yamagetsi ng'oma ndi ma amp zimakwirira zolakwika zing'onozing'ono. Kwa inu, mawu achiwiri akakwera pang'ono kuposa otsogolera, holo yonse yamva. Komanso nyimbo imodzi yomweyo imatha kuchoka pa kunong'ona n'kufika pa kukwapula zingwe ndi mphamvu zonse. N'chifukwa chake pa sound check muziimba ziwiri: gawo laphokoso kwambiri mu seti yanu, kuti gain, mulingo wa mawu olowa mu mikisa, iikidwe posasweka, ndi gawo lachete kwambiri, kuti mudziwe ngati likumveka kumpando wakumapeto. Yambani ndi cajón, bokosi la thabwa loimbidwa ngati ng'oma, ngati ilipo, kenako bass, magitala, mawu, mumalize ndi ma monita. Pa monita pemphani zochepa. Aliyense akati "ndikwezereni", pa siteji pamadzaza phokoso ndipo a saundi satha kukonzanso zimene anthu akumva. Kumbukiraninso kuti holo yopanda anthu imabweza mawu kwambiri. Anthu akadzaza, matupi ndi zovala zimamwa mawuwo, kutentha kumakwera, zingwe zimasuntha. Muchunenso musanayambe, ndiponso nthawi iliyonse mukaika capo, chopanira zingwe chija.

Ndiye wina akadzakuuzani kuti a acoustic safunika sound check, muyankhe mwaulemu kuti mukufuna mphindi 30, ndipo mumutumizire stage plot ndi input list sabata imodzi show isanafike. Ndi pepala limodzi: ndani akuima pati, maiki angati, ma DI angati, ati akufuna 48V, ma monita angati. Ndaika chitsanzo chake mu description pansipa, n'chaulere, koperani mulembemo zanu. Ndipo ngati mwaphunzirapo kanthu mpaka pano, dinani like ndi subscribe, komanso kabelu kaja. Zimathandiza kuti vidiyo ifike kwa oimba ena.

Yachinayi, gitala m'galimoto. Thabwa limafuna chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kukauma kwambiri limang'aluka ndipo nsonga za ma fret zimayamba kubaya m'manja. Kukanyowa kwambiri thabwa limatupa, zingwe n'kukwera. Galimoto yoima padzuwa imatentha moti guluu amafewa, bridge, pamene zingwe zimamangirira pathabwa, n'kuyamba kutukuka. Gitala izituluka nanu. Mukachoka kozizira n'kulowa kotentha, musatsegule kesi nthawi yomweyo, idikire izolowere. Ngati mukudutsa malire a mayiko, dziwani mtengo umene gitala yanu inapangidwira. Brazilian rosewood imafuna zikalata za CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama zimene zili pangozi yotha. Mitundu ina ya rosewood, pa zida zoimbira zomalizidwa kale, inamasulidwa mu 2019.

Yachisanu, chimbale. Apa ambiri amajambula bwino n'kulephera pa mapepala. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini uwiri: wa nyimbo yopekedwayo, ndi wa chojambulidwacho, chimene amati master. Musanatuluke mu situdiyo lembani split sheet, ndani wapeka chiyani ndipo gawo lake ndi lotani, aliyense asaine. Mabandi amatha chifukwa cha pepala limeneli, makamaka nyimbo ikayamba kuyenda.

Pokweza pa Spotify, Apple Music ndi kwina mumadutsa kwa ogawa nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Amafuna mafayilo a WAV, osachepera 16-bit pa 44.1 kHz, ndipo chithunzi cha pachikuto mukonze cha 3000 ndi 3000 pixels. Nyimbo iliyonse imalandira nambala yoizindikiritsa yotchedwa ISRC, chimbale chonse yotchedwa UPC. Sungani manambala amenewa, chifukwa mukadzasintha ogawa mudzawafuna kuti ma stream anu asayambirenso pa ziro. Kwezani chimbale masabata anayi tsiku lotulutsa lisanafike, kuti mupeze mpata wopereka nyimbo imodzi kwa akonzi a ma playlist kudzera pa Spotify for Artists. Iwo amafuna masiku osachepera 7 nyimbo isanatuluke.

Pa mastering, kukonza komaliza kwa mawu a chimbale, musalole kuti nyimbo ya acoustic ifinyidwe pofuna kuti ikhale yaphokoso. Spotify imalinganiza phokoso la nyimbo zonse pafupi ndi mulingo wa -14 LUFS, ndiye yanu yofinyidwayo aitsitsa basi, kukwera ndi kutsika kwa mawu kutatayika kale. Za ndalama, stream imawerengedwa munthu akamvera masekondi 30, ndipo kuyambira mu 2024 nyimbo imene sinafike ma stream 1,000 m'miyezi 12 silandira malipiro a master pa Spotify. N'chifukwa chake ndimalimbikira Bandcamp kwa bandi yaing'ono: amadula 15 peresenti pa nyimbo za pa intaneti ndi 10 peresenti pa ma CD ndi malaya, ndipo ogula akhoza kukusiyirani imelo yawo. Ngati mukufuna vinyl, itanitsani miyezi ingapo ulendo usanayambe. Palibe chowawa ngati kuzungulira mizinda kutsatsa chimbale chimene chidakali ku fakitale.

Yachisanu ndi chimodzi ndi yaifupi, koma ndi ndalama imene oimba ambiri amaisiya pansi. Mukaimba nyimbo zopeka nokha pa show, muli ndi ufulu wolandira malipiro a wopeka. Lembetsani ku bungwe loona za ufulu wa opeka nyimbo m'dziko lanu, ngati mmene ASCAP ndi BMI zilili ku America kapena PRS ku UK, ndipo mabungwe ambiri otere amalandira mndandanda wa nyimbo zimene mwaimba. Mmodzi mu bandi ajambule setlist ndi foni usiku uliwonse, alembe tsiku ndi dzina la malo, atumize nthawi yake isanadutse. Show ikangotha, mmodzi athamangire patebulo la zogulitsa anthu asanatuluke, ena azipinda makebulo. Patebulopo pakhale nyali, mitengo yolembedwa mooneka, njira yolipirira popanda ndalama za m'manja, ndi pepala lolembapo maimelo.

Sabata yamawa tiika maiki imodzi ya condenser, yomva ngakhale mawu apatali, pakati pa oimba anayi, popanda monita, ndikuonetseni mmene mumasunthira kuti woimba solo amveke. Amene muli ndi double bass, siyani mafunso anu pansipa, ndiwayankha mu vidiyo imeneyo.